Musanakwere basi ya ku Joni olo ndeke ya ku Dubai, mverani izi azimai anzanga

Ndinasewenza m'manyumba mwa anthu ku Johannesburg zaka 6, ndipo tsiku lomwe ndinafika pa nyumba yoyamba a madamu sanayambe ndi kundionetsa kogona iyayi, anayamba ndi kapu. Kapu ya pulasitiki, mbale imodzi ndi supuni, zonse pansi pa sinki pamodzi ndi sopo wotsukira. Ati izi ndiye zako, za m'kabati usakhudze. Manja omwewa ndi omwe anali kuwaphikira, kuwachapira mpaka zovala zam'kati, kusambitsa mwana wawo akadzionongera, koma mlomo wanga pa kapu yawo zinali zosatheka. Ndinangoti zikomo madamu, chifukwa nthawi ija sindinadziwe kuti kuli khomo lomwe munthu ngati ine angagogode.

Manje atsikana amabwera pa thebulo langa ku msika wa Kapata kudzafunsa, asisi kuli ejenti akuti ali ndi malo ku Dubai, anti kuli mzimai akufuna meidi ku Joni ndipite kodi? Ine sindiletsa munthu. Ndidziwa mtengo wa feteleza, ndidziwa momwe m'nyumba mumakhalira chimanga chikapsa ngati chilala cha 2024 chija, ndipo kanyumba kanga ka malata ku Mchini ndinamanga ndi ndalama ya mopu yomweyo. Koma mupite muli maso, mutadziwa chomwe mukakumane nacho komanso komwe mungathawire.

Ambiri timaganiza kuti tsankho ndi pokhapo munthu akakutukwana, akakutcha kwerekwere monga amachitira ku Joni, olo abeed, mawu a Chiarabu otanthauza akapolo omwe anthu akuda amaponyeredwa m'maiko ena a Aluya. Zimenezo zilipo ndipo zimabaya mumtima. Koma tsankho lalikulu limabisala m'malipiro ndi m'maola ogona. Ku maiko a Aluya a ku Gulf monga Saudi Arabia ndi Qatar, komanso ku Lebanon, ma ejenti amaika mtengo wa wanchito poona pasipoti yake, wa ku Philippines pamwamba, wa ku Africa pansi penipeni, pomwe mopu ndi yomweyo, ana olira usiku ndi omwewo. Chimodzi chomwe chinakweza a ku Philippines ndi chakuti boma lawo linalimba mtima kalekale nkunena kuti mwana wathu sapita kukasewenza m'nyumba ya munthu pa ndalama yochepera madola 400 pa mwezi. Ndipo si ife a pamsika chabe omwe tikamba izi. Mwana wobadwira kuno ku Zambia, Professor Tendayi Achiume, yemwe anali woyang'anira nkhani za tsankho ku United Nations kuyambira 2017 mpaka 2022, anapita ku Qatar kumapeto kwa 2019 ndipo lipoti lake linanena poyera kuti kumeneko chitetezo chomwe munthu amalandira chimayendera dziko lomwe wachokera, azungu ndi Aluya pamwamba, a ku South Asia ndi ife a ku Africa pansi. Ndiye a madamu akakakuuzani kuti mukudandaula zachabe, mudziwe mumtima kuti nkhaniyi inafika mpaka ku maofesi a United Nations ku Geneva.

Yambani ndi ejenti

Lamulo lathu la nchito, Employment Code Act ya 2019, likuti aliyense wochita bizinesi yopezera anthu nchito akhale ndi chilolezo chochokera kwa Labour Commissioner, komanso kontrakiti yokasewenzera kunja kwa dziko ikhale yolembedwa. Ndiye ejenti akakupezani pa Facebook olo pa WhatsApp, olo akhale mzimai wa ku tchalitchi kwanu wovala chitenje cha chigwirizano, mufunseni dzina la kampani ndi pepala la chilolezo, mujambule ndi foni, mupite nalo ku ofesi ya leba pano pa Chipata mukafunse ngati amawadziwa. Ndalama ya njinga yopitira ku Boma ndi yochepa kuyerekeza ndi zaka ziwiri za misozi. Safunsa anadya phula. Ejenti weniweni sakwiya mukamufunsa pepala. Uja woyamba kunena kuti mukuchedwetsa, malo atsala awiri chabe, musauze anthu angakuchiteni nsanje, bweretsani pasipoti ndikusungireni, ameneyo mutalikireni ngako.

Muonetsetse visa yomwe akupangirani. Ikakhala ya mlendo wokaona malo, ati yanchito tikakonza mukafika, musakwere ndeke. Muwerengenso tikiti ndi maso anu dzina la mzinda womwe mukatsikire. Mu 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya azimai a ku Malawi oposa 50 omwe anatsekeredwa m'manyumba ku Oman, ena analonjezedwa nchito yabwino ku Dubai koma anangozindikira atatsika ku Muscat, mapasipoti nkulandidwa pomwepo, ndipo chomwe chinawathandiza kutuluka ndi gulupu ya WhatsApp yomwe anayamba kuuziranapo mavuto. Amenewo ndi abale athu a kuseri kwa Mwami chabe apa, chilankhulo chimodzi, ndipo mabodza omwe anawanamiza nawo ndi omwewo akuzungulira ku Katete ndi ku Lundazi.

Za ndalama. Ku UAE, dziko lomwe kuli Dubai, ndi ku Saudi Arabia wolipira ejenti ndi bwana yemwe akufuna wanchito, osati inu. Ejenti akati mugulitse ng'ombe ya atate olo mutenge kaloba kuti mulipire malo, olo akati tikiti tikulipirirani ndiye miyezi itatu yoyamba simudzafola, chimenecho ndi chingwe chomwe adzakumangireni nacho. Ndipo musalole kuti akukwezereni zaka pa mapepala. Ku Saudi wanchito wa m'nyumba ayenera kukhala wa zaka 21 kupita m'mwamba, mtsikana wa zaka 18 akalowa ndi zaka zabodza, tsiku la mavuto bodza lija limamutembenukira iye mwini, ejenti ali phee ku Lusaka.

Kontrakiti musasaine ya Chiarabu chokhachokha. Ikhale ndi Chizungu, ndipo ngati Chizungu chimakuvutani palibe manyazi, pitani nayo kwa aphunzitsi, kwa abusa, olo ku leba komweko akuwerengereni mzere ndi mzere. Muone dzina la bwana ndi adiresi ya nyumba, malipiro m'ndalama ya dziko lomwelo ndi tsiku lofola, maola a nchito, tsiku lopuma pa sabata, wolipira chipatala mukadwala, wolipira tikiti yobwerera, komanso anthu angati ali m'nyumbamo. Ichi chomalizachi anthu amachiiwala. Mumapita mukudziwa banja la anthu anayi, mukafika mupeza nyumba zitatu, ya madamu, ya amai awo ndi ya mng'ono wawo, zonse inu nokha pa malipiro amodzi. Mukafika kumene akakupatsaninso pepala lina kuti musaine, muliyerekeze ndi lomwe munachoka nalo kuno, chifukwa kusintha kontrakiti munthu atafika kale ndi chinyengo chodziwika.

Musananyamuke jambulani pasipoti, visa, reji, kontrakiti, tikiti ndi nkhope ya ejenti ngati mungathe. Makope ena musiye kwa munthu mmodzi wokhulupirika kunyumba, ena mudzitumizire pa imelo yomwe pasiwedi yake muli nayo pamtima, ena a pepala musokere m'chikwama mkati mwa nsalu. Manambala awiri olo atatu muwaloweze pamtima ngati vesi, chifukwa foni ndiye chinthu choyamba kulandidwa. Mugwirizanenso ndi a kunyumba mawu achinsinsi. Ine ndi mng'ono wanga tinagwirizana kuti ndikafunsa za mbuzi yoyera ndiye kuti zinthu sizili bwino, pomwe kwathu kunalibe mbuzi yoyera. Zimathandiza pomwe madamu aimirira pambali panu mukuimba foni. Ndipo mufunse ku unduna woona za maubale ndi maiko akunja ku Lusaka kuti kazembe wathu woyang'anira dziko lomwe mukupita ali kuti. Ku Riyadh ku Saudi aliko, ku Abu Dhabi ku UAE aliko, ku Pretoria ku South Africa aliko, koma si dziko lililonse lomwe lili ndi ofesi yathu, ndiye mudziwiretu yomwe mungaimbire.

Kabuku

Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi chomwe chinandipulumutsa ine. Gulani kabuku kakang'ono ka ana a sukulu ndi bolopeni. Tsiku lililonse musanagone, olo mwatopa bwanji, lembani deti, nthawi yomwe munadzuka kuyamba nchito, nthawi yomwe munamaliza, ngati munadya, ngati munapuma. Tsiku lofola lembani zingati akupatsani ndi zingati adula, ati chifukwa cha chani. Akakutukwanani lembani mawu enieniwo momwe anatulukira, osawakongoletsa, ndi yemwe analipo pomwe amakamba. Lembani m'Chichewa, madamu akakapeza sadzamva. Sabata iliyonse jambulani masambawo mutumize kunyumba ndipo mufufute mu foni.

Chifukwa chake ndi ichi. Nchito ya m'nyumba ilibe mboni. Wa m'sitolo akatukwanidwa anzake amamva, wa pa famu ali ndi anzake makumi, koma inu muli nokha kuseri kwa geti, ndipo tsiku lokaweruza kudzakhala mawu a bwana wa motoka ndi loya wake, uku mawu a mzimai wakuda wachilendo wolankhula Chizungu chodukaduka. Tsankho lomwe lija limakutsatani mpaka mu ofesi, wokhulupiriridwa msanga ndi iye. Chomwe chimakuimiritsani ndi madeti. Munthu wonena kuti amandizunza chabe amamvedwa mwa ulesi, koma wonena kuti pa 14 Juni ndinayamba 5 koloko m'mawa ndinamaliza 11 usiku, pa 30 anandidula zakutizakuti chifukwa cha mbale yomwe inaswedwa ndi mwana wawo, ameneyo olo wa mu ofesi amakhala tsonga. Ma meseji a madamu musafufute musanatumize kunyumba, ma voisi noti chimodzimodzi. Akakumenyani jambulani bala tsiku lomwelo. Malipiro ngati nkotheka azilowa ku banki olo pa foni, ya pamanja ilibe phazi. Ndipo musasaine pepala lonena kuti mwalandira ndalama yomwe simunaione, olo akulonjezeni kuti mawa.

Pasipoti ndi yanu. Ku UAE, ku Qatar, ku Kuwait ndi ku Saudi malamulo awo omwe amaletsa bwana kusunga pasipoti ya wanchito mokakamiza, koma ambiri amatengabe, ati tikusungira ingatayike. Mukaona kuti kulimbana nawo tsiku loyamba kukuikani pa ngozi, musalimbane, lembani m'kabuku tsiku lomwe anatenga ndi yemwe anatenga, muuze a kunyumba, ndipo pakapita masiku muipemphe mwaulemu pa meseji kuti yankho lawo likhale lolembedwa.

Ku maiko a Aluya

Kumeneko kuli dongosolo lomwe amati kafala. Tanthauzo lake ndi lakuti chilolezo chanu chokhalira m'dzikomo chimamangidwa pa dzina la bwana wanu, iye ndiye amakuimirani ku boma. Mukachoka pa nyumba yake osagwirizana, amakanena kuti mwathawa, ku Saudi amati huroob, ndipo kuyambira pamenepo wolakwa pamaso pa apolisi mumakhala inu, mutha kumangidwa nkuthamangitsidwa m'dziko malipiro anu atatsala. Mabwana ena amawonjezerapo bodza loti mwaba golide. Ichi ndiye chimapatsa tsankho mano, munthu amakunyoza podziwa kuti ulibe kopita.

Koma malamulo alipo ndipo muwadziwe, bwana akadziwa kuti mukuwadziwa amayamba kuyenda bwino. Ku UAE lamulo la 2022 la anchito a m'nyumba likuti tsiku limodzi lopuma pa sabata lolipidwa, maola 12 opuma pa tsiku ndipo 8 mwa amenewo akhale otsatizana, masiku 30 a livi pa chaka, tikiti yopita kwanu zaka ziwiri zilizonse, ndipo limaletsa poyera kusankha munthu chifukwa cha khungu, mtundu, chipembedzo olo dziko lake. Madandaulo amapita ku unduna wa nchito womwe amautcha MOHRE, nambala yawo 600590000. Ku Qatar lamulo la 2017 likuti maola 10 pa tsiku, tsiku lopuma pa sabata, masabata atatu a livi, ndipo kuyambira 2021 malipiro otsikitsitsa ndi ma riyal 1,000 kwa aliyense posaona dziko lomwe wachokera, kuwonjezerapo 500 ya nyumba ndi 300 ya chakudya ngati bwana sakupatsani zimenezo. Ku Saudi malamulo atsopano omwe anayamba mu Okutobala 2024 akuti maola 10, tsiku lopuma pa sabata, mwezi wa livi pakatha zaka ziwiri, kontrakiti imalembetsedwa pa Musaned, webusaiti ya boma ya anchito a m'nyumba, nambala ya unduna ndi 19911. Ku Lebanon ndiye koopsa, lamulo lawo la nchito silikhudza anchito a m'nyumba, ndipo dziko lonse linaona mu 2020 atsikana a ku Ethiopia akutayidwa ndi mabwana awo pa khomo la ofesi ya dziko lawo ku Beirut chuma chitagwa, mu 2024 nkhondo itabuka azimai a ku Sierra Leone ndi ena anasiyidwa pamsewu mabwana atathawa mabomba. Ine mwana wanga sindingamulole Lebanon, ndanena.

Zikafika poipa musangotsegula geti nkuthamanga osadziwa kopita, ndipo chonde musalumphe pa windo la nyumba yosanja, azimai ambiri aphwanyika miyendo ndi misana mwanjira imeneyo. Choyamba uzani a kunyumba ndi mawu achinsinsi aja, atumizireni malo omwe muli pa WhatsApp. Chachiwiri imbirani unduna wa nchito wa dzikolo kuti dandaulo lanu lilembedwe bwana asanakanene kuti mwathawa, wofika poyamba ndi pepala amakhala ndi mphamvu. Kenako kazembe wathu. A kunyumba nawonso asangokhala nkumalira, atenge makope aja apite ku polisi ku Victim Support Unit, ku leba, alembere unduna wa maubale ndi maiko akunja, afikenso kwa a IOM ku Lusaka omwe amathandiza anthu ozembetsedwa kubwerera kwawo. Ejenti yemwe ananamiza munthu nkumugulitsa ali ndi mlandu pansi pa Anti-Human Trafficking Act ya 2008, ndipo chilango chake ndi zaka zosachepera 20. Koma ngati akukumenyani olo bambo wa pa nyumbapo akukugwirani, moyo ndiwo woyamba, tulukani mupite ku polisi olo ku chipatala, za mapepala zidzaoneka pambuyo.

Ku Joni

South Africa pa pepala ndi dziko lomwe limateteza wanchito wa m'nyumba kuposa ambiri. Anavomereza mu 2013 pangano nambala 189 la ILO, bungwe la United Nations loona za nchito, lija linakhazikitsidwa pa 16 Juni 2011 lonena kuti nchito ya m'nyumba ndi nchito ngati ina iliyonse. Kuyambira Malichi 2022 malipiro otsikitsitsa a meidi ndi ofanana ndi a wanchito wina aliyense, mu Malichi 2025 anafika R28.79 pa ola ndipo amasintha chaka ndi chaka mwezi womwewo, ndiye muzifunsa. Maola ndi 45 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu. Mukagona pa nyumba ya bwana sangadule zoposa 10 peresenti ya malipiro chifukwa cha chipinda. Ndipo kuyambira Novembala 2020 wanchito wa m'nyumba akavulala pa nchito ali ndi ufulu wa chipukuta misozi, chifukwa cha mlandu wa mayi Maria Mahlangu omwe anamira mu swimingi pulu ya bwana wawo mu 2012, mwana wawo Sylvia anamenya nkhondo mpaka ku Constitutional Court nkuwina.

Khomo lanu kumeneko ndi CCMA, ofesi yothetsa mikangano ya pa nchito, ndipo ndi laulere, simufunika loya. Akakuchotsani nchito mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 chabe okadandaula, fomu yake ndi 7.11, ikakhala nkhani ya tsankho pa nchito muli ndi miyezi 6. Ine ndinachotsedwa pa nyumba yachiwiri tsiku limodzi, ati mphete yasowa ndipo anthu a kwanu ndinu akuba nonse, malipiro a mwezi ndi theka osandipatsa. Mphete inapezeka m'motoka mwawo koma sanandiitane. Mzimai wa ku Zimbabwe yemwe timakwera naye takisi ndiye anandigwira dzanja kupita nane ku CCMA, ndinatulutsa kabuku kanga ndi ma meseji, ndipo tsiku lokambirana a madamu aja anasaina kuti andilipira zonse. Ndinalira panja pa ofesi ija, osati chifukwa cha ndalama chabe, koma chifukwa kanali koyamba kukhala nawo pa thebulo limodzi mipando yofanana.

Ambiri amaopa chifukwa alibe pemiti. Labour Court ya kumeneko inagamula mu 2008, pa mlandu wa kampani ya Discovery Health, kuti mlendo olo pemiti yake ili yosakwanira ndi wanchito ndithu pamaso pa lamulo la nchito ndipo CCMA itha kumva nkhani yake. Koma ndisakunamizeni, zimenezo sizikonza nkhani yanu ndi a Home Affairs, omwe ndi a imigireshoni a kumeneko. Masiku omwe amakudindirani pa boda ndi a mlendo, si a nchito, ndipo mukapitiriza masiku oposa 30 amakuletsani kulowa m'dzikomo zaka 5. Ndiye musanapite ku ofesi iliyonse yambani mwafunsa ku mabungwe a anchito a m'nyumba monga SADSAWU olo Izwi, amadziwa mayendedwe ake. Kunja kwa geti nakonso kuli zake, mu 2008 anthu 62 anaphedwa pa zipolowe zothamangitsa alendo, zinabwereranso mu 2015 ndi 2019, ndiye ndalama musamasunge m'chipinda, muzitumiza kunyumba mwezi ndi mwezi ndipo muzikhala ndi ya basi yobwerera pambali.

Nanga pano pa Chipata?

Apa ndiye ena mundikwiyira koma ndikamba. Kapu ya pansi pa sinki ija ndinaipezanso kuno nditabwerera, m'manyumba mwa anthu a khungu lililonse, athu omwe akuda. M'mayadi ambiri muno muli mtsikana wochokera ku Mchinji olo wa ku Mozambique wolowera ku Chanida, wogona m'khichini pa mphasa, wodya makoko a nsima ana akamaliza, wopatsidwa theka la zomwe wa kuno angalandire, ati a ku Malawi savuta ndi otchipa. Akafunsa ndalama yake yankho ndi lakuti ndikuitanira a imigireshoni. Ndi kafala yomweyo imeneyo, yangosowa dzina. Ndipo mwezi wa Ogasiti tonse timakakhala pamodzi ku Mkaika pa Kulamba, a ku Zambia, a ku Malawi, a ku Mozambique, mfumu yathu imodzi Kalonga Gawa Undi, tikabwerako mwana wa mfumu yomweyo tikumugoneka pafupi ndi mbaula.

Inu amai olemba wanchito, lamulo likuti chani? Mu Januwale 2024 malipiro otsikitsitsa a wanchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi kuphatikizapo ya transipoti. Maola ndi 48 pa sabata, opitirira apo mulipire ovataimu. Mzimai aliyense wa pa nchito ali ndi tsiku lake limodzi pa mwezi lija timati Mother's Day, meidi nayenso ndi mzimai. Mwana wosakwana zaka 15 si wanchito, olo makolo ake avomere, olo mumutche mwana wa achibale. Gawo 5 la Employment Code likuletsa kusankha wanchito chifukwa cha khungu, dziko lake, mtundu, komwe anachokera olo chilankhulo. Olo munagwirizana pakamwa chabe, lamulo likufuna kuti inu bwana mulembe zomwe munagwirizanazo ndi kumupatsa kope, mukapanda kutero pa mlandu mawu a wanchito ndi omwe amatengedwa ngati umboni mpaka inu mutatsutsa. Mumulembetse ku NAPSA, 5 peresenti yake 5 peresenti yanu. Ndipo ngati ndi wa kunja, boda pasi si chilolezo cha nchito, kulemba mlendo wopanda pemiti ndi mlandu wanunso inu, ndiye kumuopseza ndi a imigireshoni ndi kudziitanira nokha. Kumulanda mapepala, kumutsekera m'yadi, kumusewenzetsa pa ngongole yosatha ya transipoti yomwe munamubweretsera, zimenezo zikulowa kale ku lamulo lija la kuzembetsa anthu.

Ndipo iwe mng'ono wanga wa ku Mchinji, ngati wina akukuwerengera izi pa foni yake, kabuku kaja ndi kako nawenso, yamba lero. Pezako mzimai mmodzi kunja kwa yadi yemwe akudziwa dzina lako lenileni ndi mudzi wa kwanu, wa ku tchalitchi, wa ku mzikiti, wogulitsa tomato pa kona, aliyense. Akakumana malipiro, nkhani imayambira ku ofesi ya leba, amaitana bwana ndi kalata mukambirane, zikakanika imapita ku khoti ndipo ku Industrial Relations Division, khoti la nkhani za nchito, nthawi yokadandaula ndi masiku 90, usachedwe. Ngati mapepala ako sali bwino usapite wekha, yamba wafika ku Legal Aid Board olo ku Human Rights Commission, onse ali ndi maofesi pano pa Chipata, nambala yaulere ya a Human Rights ndi 8181, uwafotokozere zonse osabisa kuti akuuze njira yomwe siikuika m'mavuto ena. A YWCA nawonso amalandira azimai ozunzidwa.

Kumenyedwa ndi kugwiriridwa sikufunsa reji. Imba 991 ku polisi olo 933 ya nkhanza, ngati ndi mwana 116, zonse ndi zaulere olo mu foni mulibe toktaimu. Ukagwiriridwa usasambe, zovala usachape, thamangira ku One Stop Centre pa Chipata Central Hospital maola 72 asanathe kuti ulandire mankhwala oteteza ku HIV, apolisi ndi a uphungu umawapeza komweko. Inu aneba omwe mumamva kulira kuseri kwa mpanda, manambalawa mutha kuimbanso inu.

Popita ku ofesi iliyonse mwa amenewa pitani m'mawa pakati pa sabata, munyamule kabuku, makope a mapepala osati enieniwo okha, foni yotchaja, ndi munthu mmodzi wokuperekezani. Musanatuluke mufunse dzina la yemwe wakuthandizani, nambala ya dandaulo lanu ndi tsiku loti mubwerenso, ndipo zitatuzo mulembe m'kabuku momwemo pa tsamba la tsikulo.